Funsani Amalume: Mphatso ya Khirisimasi yoti ikagwire ntchito

Makalata ambiri a mwezi uno akuzungulira pa funso limodzi: tigule chiyani choti wolandirayo akachigwiritsedi ntchito, m'malo mongothokoza n'kukachiika pamwamba pa kabati mpaka chitachita fumbi? Ndasankhapo angapo. Ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo, koma funso la munthu sindinalisinthe.

SOFA YA MAKOLO

Amalume, ine ndi alongo anga awiri tagwirizana kusonkha ndalama kuti tiwagulire makolo athu sofa pa Khirisimasi. Mipando imene akukhalira panopa inatha, wina mpaka unathyoka mwendo. Ndaona sofa ina pa intaneti, yaikulu, yofewa, yokongola zedi, ndipo tikufuna tiwadzidzimutse, adzangoona galimoto yaima pakhomo. Onse awiri anapitirira zaka 70. Tiyang'ane chiyani tisanalipire?
Mwana wachisamba

Achemwali, mtima wanu ndi wabwino ndipo makolo anu ali ndi mwayi. Koma zinthu ziwiri zimene zakukopani pa sofayo, kukula ndi kufewa, ndi zomwezo zimene zingadzawavutitse.

Musanatulutse ndalama, wina mwa inu apite kwa makolo ndi tepi yoyezera m'thumba. Ayeze khomo lolowera, ayeze kanjira ka m'nyumba ngati kalipo, makamaka pamene pamakhota, kenako ayeze khoma limene sofayo idzatsamire. Makomo ambiri amakhala masentimita 80 kapena 90 m'lifupi, pamene sofa ya anthu atatu imafika mamita awiri m'litali ndi masentimita 90 kapena kuposa kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Ina imalowa mukaipendeketsa n'kumasula miyendo, ina silowa ngakhale mutazula chitseko. Funsani wogulitsa ngati miyendo yake ndi yomasula. Mukapeza miyezo ya sofayo, yalani manyuzipepala pansi molingana ndi kukula kwake, muone ngati munthu wonyamula thireyi angadutse, ndiponso ngati chitseko cha kuchipinda chingatsekuke bwinobwino. Zithunzi za pa intaneti amajambulira dala m'zipinda zikuluzikulu, n'chifukwa chake chilichonse chimaoneka chokwana.

Tsono kufewa. Munthu wa zaka 30 akamira mu sofa amati ndiye kukoma kwake. Wa zaka 70 akamira amafuna wina womukoka dzanja kuti adzuke, ndipo sipapita nthawi amabwerera pa mpando wake wakale wothyoka mwendo uja. Mpando wamba umakhala pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi kufika pokhalira. Wa munthu wachikulire usatsike kuposa pamenepo, ndipo ukakwererako pang'ono ndi bwinonso. Masofa ambiri a masiku ano ndi aafupi kuposa apa, komanso ndi akuya, moti munthu akatsamira mapazi amalendewera. Chofunika n'chakuti akakhala, msana ufike pa chotsamira, mapazi aponde pansi onse, mawondo asakwere kuposa chiuno, ndipo m'mbali mukhale pogwira polimba poti adzikankhire podzuka. Izi simungaziyese pa foni. Pitani mukakhalepo nokha, ndipo ngati muli ndi mnzanu wotalika mofanana ndi mayi anu, mumutenge.

Bambo anga anali kalipentala, ndipo akafuna kudziwa ngati mpando ndi wabwino sankataya nthawi ndi nsalu kapena vanishi. Ankautembenuza miyendo m'mwamba, chifukwa kunsi ndi kumene mmisiri amaganiza kuti palibe adzaone. Inunso suzumirani kunsi. Pamene matabwa awiri akumana, onani ngati lina lalowa mu linzake n'kumatidwa ndi guluu, komanso ngati m'makona muli timatabwa tochirikiza tomangidwa ndi masikuluu. Mukangoona timawaya tokhomera ndi makina tokhatokha, dziwani kuti mpandowo uyamba kulira posachedwa. Yendetsani chala pa thabwa. Mukapeza timabowo ting'onoting'ono ndi ufa wosalala pansi pake, muli tizilombo todya matabwa, ndipo tikalowa m'nyumba tidzasamukira ku mipando ina. Kenako nyamulani mwendo umodzi wakutsogolo masentimita 15 kuchokera pansi. Ngati sofa ndi yolimba, mwendo wina wakutsogolo unyamuka nawo. Ukatsalira pansi ndiye kuti matabwa a m'kati akupindika.

Pali zinthu ziwiri zimene maso sangaone, zofunika kufunsa. Matabwa ake ndi enieni, nanga anauma? Thabwa laliwisi limafota likamauma, molumikizira monse n'kukhwefuka. Matabwa a utuchi wopanikiza ndi guluu, aja amati chipibodi ndi MDF, alibe vuto pa shelefu ya pamalo ouma, koma akamwa madzi amatupa osabwereranso, ndipo sikuluu ikazuka sigwiranso pamalo omwewo. M'nyumba yokolopa tsiku ndi tsiku, miyendo ikhale ya thabwa lenileni kapena chitsulo. Funso lina ndi la siponji ya pokhalira. Amaiyeza ndi makilogalamu pa kiyubiki mita, ndipo yoyambira pa 30 kupita m'mwamba ndi imene imachedwa kuphwa. Wogulitsa amene sakudziwa nambala imeneyi, kapena akuti ilibe ntchito, ameneyo mumusiye. Makushoni okhala ndi zipi, oti nsalu yake n'kuvula n'kuchapa, muwakonde kuposa osokerera.

Za kuwadzidzimutsa sindikuletsani, koma mmodzi wa makolowo adziwe. Amene amakhala m'nyumbamo ndi amene akudziwa kuti pabalaza pamakhala anthu angati madzulo, ndi kuti ndani amakonda kukhala mbali iti. Mwina mukafunsa mupeza kuti chimene akufuna ndi mipando iwiri yabwino yokhala ndi pogwira, aliyense wake, ndalama yotsalayo n'kugulira matiresi. Mipando yakaleyo musaitaye nokha. Eni ake anene.

TCHENI CHA GOLIDE

Amalume, ndakhala pa banja zaka zinayi ndipo kupatula mphete ya ukwati sindinamugulirepo mkazi wanga chodzikongoletsera. Chaka chino ndikufuna ndimugulire tcheni cha m'khosi kapena ndolo. Vuto ndi lakuti sindidziwa kusiyanitsa golide weniweni ndi wachinyengo. Wogulitsa wina akuti zake ndi 18K, wina akuti zake ndi golide yemweyo koma mtengo ndi wotsika kwambiri. Ndikuopa kupusitsidwa.
Bambo wosadziwa za golide

Achimwene, za kusitolo zidikire kaye. Yambani ndi kabokosi kamene mkazi wanu amasungamo zovala m'khosi ndi m'makutu. Onani ngati amakonda zachikasu kapena zoyera, zazing'ono zosaonekera patali kapena zikuluzikulu. Chimene chafwifwa kwambiri ndi chimene amavala kawirikawiri, ndipo chimenecho chikuuzani zambiri kuposa wogulitsa aliyense. Onetsetsaninso kuti makutu anaboola. Musaseke, alipo amuna amene amafika ndi ndolo kwa mkazi wosaboola makutu. Ganizirani za ntchito yake. Namwino, wophika kapena wina aliyense wosamba m'manja pafupipafupi, mphete ya mwala ndi chibangili amangozivula n'kuziika m'thumba, pomaliza zimasowa. Ngati ali ndi mwana wa m'manja, ndolo zolendewera ndi tcheni chopyapyala zidikire, chifukwa kamwanako kakagwira sikasiya.

Tsono manambala aja. Chilembo cha K chikuimira makarati, muyeso wa kuchuluka kwa golide m'chinthu. Golide wosasakaniza ndi chilichonse ndi 24K, koma ndi wofewa kwambiri, amapindika ndi kukalika msanga, choncho amamusakaniza ndi mkuwa, siliva kapena zitsulo zina kuti alimbe. Akati 18K ndiye kuti pa magawo 24, magawo 18 ndi golide, kapena kuti 75 peresenti. N'chifukwa chake zina m'malo molemba 18K amadindapo 750. Chimodzimodzi 22K amadinda 916, 14K amadinda 585, ndipo 9K amadinda 375. Chidindocho chimakhala chaching'ono kwambiri, pa tcheni chimapezeka pafupi ndi pokolera, pa mphete m'kati mwake. Jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzi. Pa chinthu chovala tsiku lililonse, 14K ndi 18K zonse ndi zabwino, ndipo 14K imapirira kukalika kuposa inzake. Musaganize kuti mwamuchepetsa mkazi wanu mukagula 14K.

Wogulitsa wachiwiri uja mwina sakunama kwathunthu. Pali zinthu za mkuwa kapena chitsulo zokutidwa ndi golide wopyapyala kwambiri pamwamba, ndipo oona mtima amadindapo zilembo monga GP. Zimenezi si zoipa ngati mukudziwa chimene mukugula ndipo mukulipira mtengo wake. Koma thukuta, sopo ndi mafuta onunkhira zimadya golide wa pamwambayo, mkuwa wa m'kati n'kuyamba kusiya mzere wobiriwira pakhosi. Anthu amakonda kuyesa ndi maginito. Golide ndi siliva sakokedwa ndi maginito, ndiye tcheni chonse chikamatirira dziwani kuti muli chitsulo. Chikapanda kumatirira musafulumire kusangalala, chifukwa mkuwa nawonso sukokedwa. Chidindo nachonso achinyengo amadinda. Chimene chingakutetezeni ndi lisiti lolembedwa bwino: makarati angati, kulemera kwake magalamu angati, ndi lonjezo lakuti mungabweze kapena kusinthitsa Khirisimasi ikapita. Wokana kulemba zimenezi akudziwa chimene akugulitsa. Amisiri a golide amatha kuyesa ndi asidi kapena makina, ndipo ngati ndalama ndi zambiri ndi bwino kukayezetsa.

Ngati m'thumba simukulola golide weniweni, ine ndingasankhe siliva weniweni kusiyana ndi golide wokuta. Amadindidwa 925, kutanthauza kuti 92.5 peresenti ndi siliva, kotsalako kawirikawiri ndi mkuwa. Siliva amada pakapita nthawi chifukwa cha sulufule wa mumpweya, koma kumeneko si kuwonongeka, amawalanso mukamupukuta ndi kansalu kake. Pa ndolo samalani ndi chitsulo chotchedwa nickel, chimene chimapezeka m'zodzikongoletsera zambiri zotchipa, nthawi zina ngakhale mu golide woyera. Anthu ambiri khungu lawo siligwirizana nacho. Ngati munamvapo mkazi wanu akudandaula kuti ndolo zina zimamuyabwa kapena kumutupitsa makutu, funsani zopanda nickel, kapena za titanium.

Tcheni cha masentimita 45 chimafika pa mafupa a m'munsi mwa khosi kwa akazi ambiri, cha 40 chimayandikira khosi kwambiri, cha 50 chimatsikira pachifuwa. Tengani ulusi muyeze chimene amakonda kuvala. Pokolera pake tsekulani ndi kutseka kangapo ndi zala zanu. Ngati inu mukuvutika chonsecho mukuona, iye adzatani ali yekha, manja ali kumbuyo kwa khosi? Mphete ndi yovuta kugula mobisa, chifukwa kusiyana kwa milimita imodzi yokha n'kokwanira kuti ikane kulowa kapena izivuka. Ngale ndi zokongola koma n'zofewa, mafuta onunkhira amazidya. Zimayenera munthu amene amakumbukira kuzivala pomaliza n'kuzivula poyamba, ndipo inu ndi amene mukudziwa ngati wanuyo ali wotero.

GITALA KAPENA KIYIBODI?

Amalume, mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 wakhala akulirira gitala chaka chonse. Bambo ake akuti tigule kiyibodi chifukwa ndi yosavuta kuphunzira. M'nyumba mwathu mulibe amene amaimba chida chilichonse. Ndikuopa kugula chinthu choti pofika Febuluwale chidzakhala pansi pa bedi.
Mayi wa ana awiri

Mayi, bambo akunena zoona pa mfundo imodzi. Pa kiyibodi mwana akangodina, liwu loyera limatuluka tsiku lomwelo, pamene pa gitala masabata oyambirira ndi a zala zopweteka ndi nsambo zokana kulira. Komabe ine ndili kumbali ya mwanayo. Walirira gitala chaka chathunthu, ndipo chimene chimamubweza mwana pa chida tsiku ndi tsiku ndi kukonda kaliridwe kake. Mukamupatsa kiyibodi adzathokoza mwaulemu, koma mtima udzakhala uli pa gitala.

Magitala ambiri amene amalowa pansi pa bedi, mlandu si wa mwana. Ndimaimba gitala kuyambira ndili mnyamata, ndipo akandipatsa gitala ya mwana amene akuti anagwa ulesi, nthawi zambiri ndimapeza kuti ngakhale ine ikundipweteka zala. Gitala yaikulu kwa mwana wa zaka 9 ili ngati nsapato za bambo ake: phazi alowetsamo, koma sangathamange. Magitala ali ndi masaizi, 1/2, 3/4 ndi yathunthu ya 4/4. Wa zaka 8 mpaka 11 kawirikawiri imamukwana ndi 3/4, koma ana amasiyana kutalika, choncho muyeso weniweni ndi wakuti akaikhazika pamwendo, dzanja lifike kumapeto kwa khosi la gitala chigongono chili chopindika pang'ono, osati atachita kudziwongola. Funsani ya nsambo za nayiloni, ndi zofewa ku zala kuposa za waya. Ndipo tsiku lina wina asadzakunamizeni kuti muikemo za waya kuti izilira kwambiri. Za waya zimakoka mwamphamvu pafupifupi kawiri, ndipo gitala yopangira nayiloni imapindika khosi kapena kuzuka kathabwa komangapo nsambo.

Mu sitolo chitani izi ngakhale simudziwa kuimba. Pa khosi la gitala pali tizitsulo topingasa, oimba amati mafureti. Werengani kuchokera kumutu mpaka ka nambala 12, muone mpata umene uli pakati pa kachitsuloko ndi nsambo. Pa gitala ya nayiloni ukhale mamilimita atatu kapena anayi, pa ya waya awiri kapena atatu. Ngati pensulo ingalowe pamenepo, isiyeni ngakhale ikongole bwanji, chifukwa mwana sangathe kupanikiza nsambozo. Kenako ikani diso kumutu kwa gitala muyang'ane motsata khosi, lisakhale lopotoka. Yendetsani chala m'mbali mwa khosilo, tizitsulo tija tisakukandeni. Yesani kulowetsa pepala pansi pa kathabwa komangapo nsambo kaja. Likalowa ndiye kuti kayamba kale kumatuka. Zokungira nsambo zizitembenuka mosalala, osabwerera zokha. Nsambo zatsopano za nayiloni zimatamuka masiku oyamba, ndiye musadabwe ikamafuna kuchuna pafupipafupi. Ngati mwana ndi wamanzere nenani musanagule. Gitala yogwiritsidwapo kale ntchito imene yapambana mayeso amenewa ndi yabwino kuposa yatsopano yonyezimira ya m'sitolo ya zidole.

Musathere ndalama yonse pa gitala yokhayo. Siyaniko ina ya chikwama chake, nsambo zapadera, ndipo koposa zonse mphunzitsi, ngakhale wobwera kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu yoyamba. Pulogalamu yochunira imapezeka pa foni mwaulere, ndipo pa YouTube pali maphunziro ambirimbiri, koma foni siingaone kuti mwana wapinda dzanja molakwika. Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola awiri a Loweruka lokha. Musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka, kutentha kumafewetsa guluu. Komanso musaitsekere m'kabati poopa kuti iwonongeka. Ikhale poonekera, poti mwana akamadutsa aziigwira.

Ngati manja ake ndi aang'ono kwambiri, pali ukulele, kagitala ka nsambo zinayi kamene kanakulira ku Hawaii kuchokera ku zida zimene Apwitikizi a ku Madeira anafika nazo kumeneko mu 1879. Zimene zala zaphunzira pamenepo amasamuka nazo ku gitala mosavuta. Koma mufunseni kaye, ana ena amaona ngati mwawapatsa chidole.

Maganizo a bambo akapambana, kiyibodiyo ikhale ya makiyi osachepera 61. Piyano yathunthu ili ndi 88, koma wophunzira 61 amamukwanira. Makiyi akhale aakulu mofanana ndi a piyano, ndipo izimva mphamvu ya chala: ukadina pang'ono izilira motsika, ukadina mwamphamvu izikweza. Makampani monga Yamaha ndi Casio amapanga zoterezi za ophunzira. Onani kuti adaputala ili m'bokosi ndipo ikugwirizana ndi magetsi a kwanu, komanso kuti pali poika mahedifoni, kuti makutu a m'nyumba monse azipumulako.

KUFUNSA N'KULAKWA?

Amalume, chaka chilichonse ndimagula mphatso zimene ndimaona kuti anthu sakuzigwiritsa ntchito. Kodi ndi mwano kumufunsa munthu chimene akufuna, kapena kungomupatsa ndalama?
Wotopa ndi kulota

Si mwano ayi. Mu 1993 katswiri wa zachuma wa ku America, Joel Waldfogel, amene panthawiyo ankaphunzitsa pa yunivesite ya Yale, anafunsa ophunzira ake za mphatso zimene analandira m'nyengo ya Khirisimasi: wogulayo analipira zingati, nanga kwa iwo eni chinthucho chinali cha ndalama zingati? Anapeza kuti pakati pa 10 peresenti ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa mphatso zimangotayika, chifukwa wolandira saona chinthucho kukhala choyenera ndalama zimene wogula anatulutsa. Amene ankalasa bwino ndi abwenzi ndi okondedwa. Amene ankaphonya kwambiri ndi achibale osakhala pafupi ndi munthuyo tsiku ndi tsiku, agogo, azakhali, ndipo pepani, amalume.

Ena akamva izi amati ndiye tizingopatsana maenvulopu. Ine ayi. Ndalama imalowa m'mavuto a m'nyumba n'kusowa, ndipo pofika Januwale palibe akukumbukira kuti inachokera kwa ndani. Chimene ndikutengapo n'chakuti mukakhala kutali ndi munthu musalote, funsani. Pali kafunsidwe kosachotsa chisangalalo. Funso lakuti "ndikugulire chiyani" limachititsa manyazi, munthu amangoti chilichonse. Koma mukafunsa kuti "m'nyumba muno chimene chakutopetsa kwambiri n'chiyani", pakamwa pamamasuka. Wina anena mpando umene umamupweteka msana akamagwira ntchito pa kompyuta, wina anena nsambo za gitala zimene sanasinthe zaka ziwiri. Njira ina ndi kumupempha atchule zinthu zitatu, inu n'kusankhapo chimodzi mwakachetechete. Chinthu chikakhala chachikulu chofuna malo, kapena chovala pathupi, musagule musanafunse, ndipo lisiti musunge.

ANAKWIYA NDI SIMBI

Amalume, chaka chatha ndinamugulira mkazi wanga simbi yabwino yamagetsi chifukwa yakale inapsa. Sanasangalale, mpaka lero amandikumbutsa. Si paja mumati mphatso izikhala yothandiza?
Mwamuna wodabwa

Achimwene, simbiyo imasita malaya a ndani? Munagula katundu wa m'nyumba amene munayenera kugula ngakhale kukanakhala kopanda Khirisimasi, n'kumukulunga m'pepala lokongola. Pa chilichonse muzidzifunsa: chinthuchi chikuthandiza iyeyo, kapena chikumuthandiza kutitumikira ife? Mpando wabwino wokhalira akamawerenga, kalilole wamkulu wokhala ndi tebulo lake, wotchi, makina osokera ngati kusoka amakukonda yekha, zonsezi n'zothandiza ndipo ndi zake. Mapoto ndi mopu mugule mwezi wina ndipo musanene kuti ndi mphatso. Chaka chino muli ndi ngongole, ndiye muwerenge bwino yankho la golide lili pamwambali.

NG'OMA ZA MWANA WA MCHEMWALI

Amalume, ndikufuna kumugulira mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 5, ting'oma ta bandi ta ana. Amakonda kumenya mapoto ndi ndowa. Mukuti bwanji?
Malume mnzanu

Mnzanga, funsani mchemwali wanuyo ndi alamu anu, ndipo yankho lawo mulilemekeze, makamaka ngati amakhala nyumba zogundizana ndi anthu ena. Inu mudzapereka mphatso n'kubwerera kwanu, iwo adzatsala nayo. Akakana, pali kamphasa ka labala kophunzirirapo kumenya ng'oma, ndi timitengo take tiwiri. Manja amaphunzira chimodzimodzi koma phokoso n'lochepa. Mwanayo akadzaonetsa kulimbikira, pali ng'oma zamagetsi zomvera pa mahedifoni.

KABATI YA MDZUKULU

Amalume, mdzukulu wanga woyamba wayamba kumene kuyenda. Ndikufuna kuwagulira makolo ake kabati ya madilowa yosungiramo zovala za mwanayu, chifukwa panopa zimangokhala m'masutikesi. Pali choti ndisamale?
Agogo atsopano

Agogo, mwasankha bwino, chinthu chimenechi chidzagwira ntchito mpaka mwanayo atakula. Koma pali ngozi imodzi imene ambiri saiganizira. Mwana woyenda kumene amatsekula madilowa n'kumakwerapo. Madilowa odzaza akatuluka, kulemera kumasamukira kutsogolo, ndipo mwana akaponda la pansi kabati yonse imamugwera. Mu 2016 kampani ya IKEA inaitanitsa makabati otere okwana 29 miliyoni ku United States kuti abwezedwe kapena amangidwe ku khoma, ana angapo atamwalira mwa njira imeneyi. Vutoli si la kampani imodzi. Kabati iliyonse yaitali ndi yopapatiza ingagwe, ngakhale yolemera yopangidwa ndi mmisiri wabwino.

Choncho sankhani yaifupi ndi yotambalala. Mu sitolo tsekulani madilowa a pamwamba, mupanikize limodzi ndi dzanja pang'ono, muone ngati kumbuyo kukunyamuka. Madilowa akhale ndi choimitsa kuti asasololoke onse n'kugwera mapazi, makona akhale osalala, zogwirira zikhale zomanga ndi sikuluu kuchokera m'kati kuti zisazuke n'kulowa m'kamwa mwa mwana. Ngati mukupangitsa kwa kalipentala, muuzeni kuti penti ikhale yopanda mtovu, ndipo aimalize msanga kuti fungo la vanishi lithe isanalowe m'chipinda chogona mwana. Pamwamba pake asaikepo TV kapena zidole zokopa mwana kukwera, ndipo zolemera zizikhala m'dilowa la pansi.

Chofunika kwambiri ndi kachitsulo kapena lamba womangira kabati ku khoma. Makabati ambiri amabwera nako m'kathumba kamene anthu amataya limodzi ndi katoni. Ngati mulibe, kamapezeka ku sitolo ya zipangizo zomangira. Pa khoma la njerwa pamafunika kuboola ndi dirilo n'kuikamo mapulagi ogwira sikuluu m'khoma, ndipo ngati makolowo ali pa lendi apemphe kaye chilolezo kwa eni nyumba. Musawasiyire ntchitoyi kuti adzachita okha mawa, makolo a mwana wamng'ono mawa lawo silifika. Tsiku lokapereka kabatiyo mupite ndi munthu wodziwa kuboola khoma, ndipo zovala zilowemo itamangidwa kale.